Diso Limaphunzitsidwa: Za Digiri ya Graphic Design ndi Ntchito Yake

(Nyimbo yotsegulira, kenako itsike pang'onopang'ono)

 Takulandirani ku pulogalamu yathu ya maphunziro ndi ntchito.

Ndisanayambe ndikupempheni kanthu. Pisani m'thumba. Ngati muli ndalama yapepala itulutseni, ndipo ngati mwezi wafika poipa, tengani paketi ya shuga, kabokosi ka machesi, kapena kakhadi ka mayunitsi kamene mwakanda m'mawa. Chiyang'anitsitseni. Alipo munthu amene anakhala pansi n'kugamula kuti nambala ikule chonchi, dzina likhale apa osati apo, mtundu wofiira ukhale pamwamba, timalemba ta chenjezo tikhale m'munsi. Munthu ameneyo simumudziwa, ndipo ngati anaigwira bwino ntchito yake, simunamuganizireko n'komwe. Ntchito imeneyi pa Chingerezi amaitcha graphic design. Ife kuno timangoti kudizaina.

Mwezi watha bambo ena anandiimitsa titatuluka m'tchalitchi. Mwana wawo wamkazi wakhoza bwino MSCE, ndipo wakana unamwino, wakana uphunzitsi, akuti akufuna digiri ya dizaini. Bambowo anandifunsa ali chikwinyire nkhope: "Achimwene, mnyamata wa pashopu yopulintira paja amapanga makadi a ukwati pa mphindi khumi, sukulu analekera Fomu 2. Ndiye ine ndigulitse ng'ombe kuti mwana akakhale zaka zinayi akuphunzira zomwezo?"

Funso limeneli si lachibwana, ndipo sindinaliyankhe bwino tsiku lija chifukwa mvula inali pafupi. Lero ndiliyankhe mofatsa.

Bambo, ngati mwana wanu akufuna kudziwa batani loti adine, musagulitse ng'ombe. Photoshop, Illustrator, CorelDRAW amene ali m'mashopu ambiri opulintira, zonsezi munthu wakhama amazidziwa pa miyezi yochepa, mavidiyo ophunzitsa ali mbwee pa YouTube. Canva, imene inayamba ku Australia mu 2013, inapangidwira dala anthu amene sanaphunzire dizaini. Mapulogalamu a pakompyuta ali ngati khasu. Aliyense akhoza kuligwira, koma kudziwa kuti nthaka iyi ikufuna mtedza osati chimanga, ndi mutu wina. Chimene sukulu yabwino imasula ndi diso la mwanayo, komanso chizolowezi chofunsa kuti: ichi ndikupangira ndani, akachiwerengera kuti, ali wokhala kapena akuthamanga, masana kapena ndi tochi ya pafoni?

Kaphunzitsidwe kameneka kali ndi kwawo. Mu 1919, mumzinda wa Weimar ku Germany, katswiri wa zomangamanga Walter Gropius anatsegula sukulu yotchedwa Bauhaus. Wophunzira aliyense, kaya akufuna kudzakhala woumba, woluka nsalu kapena wopanga mipando, amayamba wadutsa kalasi imodzi yoyambirira, imene poyamba ankaphunzitsa Johannes Itten. Mmenemo munalibe zopanga zinthu zogulitsa. Ankang'amba mapepala, kukhudza matabwa ndi nsalu, kuika mtundu uwu pafupi ndi uwo kuti aone mmene ikukankhirana. Sukuluyo inasamukira ku Dessau mu 1925, ndipo inatsekedwa ku Berlin mu 1933 chipani cha Nazi chitaifinya. Inakhala zaka 14 zokha. Koma aphunzitsi ake atabalalika anapita nayo nzeruyo ku America ndi kwina, moti mpaka lero m'masukulu ambiri a dizaini chaka choyamba chimayenda momwemo.

Ndiye wachinyamata iwe, usadzakhumudwe ukadzafika kukoleji ndi laputopu yako yatsopano, aphunzitsi n'kukupatsa pensulo, lumo, guluu ndi pepala lakuda, n'kukuuza kuti udule timabokosi tinayi, utiike papepala loyera kuti tioneke ngati tikukangana. Mawa lake timabokosi tomweto tioneke ngati tagona tulo. Ambiri amaona ngati akuseweretsedwa. Koma amene wakwanitsa kukanganitsa timabokosi topanda nkhope, sadzavutika kupanga posita ya kolera kuti ichititse mantha popanda kujambulapo maliro.

(Kanyimbo kakafupi)

Tsopano ndifike pa phunziro limene ine ndimati ndiye msana wa digiri yonse, la zilembo. Amalitcha typography. Mukayang'ana ntchito ya wodizaina tsiku ndi tsiku, zithunzi ndi zochepa, zambiri ndi mawu: mutu wa nyuzipepala, malangizo a pabotolo la mankhwala, fomu ya kubanki, buku la Sitandade 1.

Mu 1936 ku South Africa kunabadwa mtsikana dzina lake Margaret Calvert. Anasamukira ku Britain ali wachichepere, nakaphunzira pa Chelsea School of Art mu London. Mphunzitsi wake, Jock Kinneir, ataona ntchito yake anamutenga kuti azithandizana, poyamba pa zikwangwani za bwalo la ndege la Gatwick, kenako pa ntchito yaikulu kwambiri, zikwangwani za m'misewu ya dziko lonselo. Nthawi imeneyo zikwangwani za ku Britain zinali chipwirikiti, chilichonse ndi kalembedwe kake, zambiri m'zilembo zazikulu zokhazokha. Awiriwa anati ayi, dalaivala amene akuthamanga sawerenga chilembo chimodzichimodzi, amazindikira thupi la mawu ali patali, monga mmene mumazindikirira mlamu wanu ndi kayendedwe asanafike pafupi. Mawu olembedwa m'zilembo zazikulu zokhazokha amafanana onse ngati njerwa, pamene osakaniza zazikulu ndi zazing'ono ali ndi mitu yotumphuka ndi michira yolendewera. Anakonza zilembo zawozawo zotchedwa Transport, ndipo dongosolo lawo linakhazikitsidwa m'misewu yonse mu 1965. Likugwirabe ntchito mpaka lero. Kamtsikana kamene kali pachikwangwani cha ana asukulu owoloka msewu, Calvert anakajambula potengera chithunzi chake chomwe ali mwana.

Taonani kuti pantchito yonseyi panalibe funso loti "kodi zakongola?" Funso linali loti munthu wa pa chiwongolero aona msanga kapena aona mochedwa. Akulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ndaona maposita ambiri okongola m'matauni mwathumu, mitundu isanu ndi iwiri, mafonti asanu, nkhope ya mlaliki ikunyezimira, koma ukafuna tsiku la msonkhano umalisaka ngati singano yagwa mumchenga.

Ndipo ife tili ndi mavuto athuathu a zilembo amene buku lochokera kunja silidzakuuza. Pali w uja wovala kachipewa, amene ena amalemba m'dzina la dziko lathu ndi m'mawu ena a Chichewa ndi Chitumbuka. Chilankhulo cha ku Wales chili nayenso, n'chifukwa chake mafonti akuluakulu amakhala naye. Koma mafonti ambiri aulere amene achinyamata amakokera pa intaneti alibe, ndipo ukapulinta, pamalo pake pamatuluka kabokosi kopanda kanthu. Pali kankhodolero ka mu "ng'ombe" ndi "m'mudzi", kamene kompyuta nthawi zina imakatembenuza chadodolido. Palinso kutalika kwa mawu athu. Mutu wa nkhani umene pa Chingerezi ukukwana mzere umodzi, ukaumasulira m'Chichewa umafuna mizere iwiri, ndipo wodizaina waulesi amangochepetsa zilembo mpaka agogo sangathe kuwerenga. Mabungwe ambiri amakonza kabuku ka zaumoyo m'Chingerezi kaye, Chichewa n'kudzachikankhiramo pambuyo ngati mlendo wobwera mochedwa. Wophunzira amene angaphunzire kuyambira pa Chichewacho, ntchito sidzamusowa.

Pa nkhani yomweyi, dziwani mayina awiri a kuno kwathu ku Africa. Saki Mafundikwa wa ku Zimbabwe anaphunzira dizaini pa yunivesite ya Yale ku America, anagwira ntchito ku New York, kenako anabwerera kwawo n'kutsegula sukulu yotchedwa ZIVA mu Harare mu 1999. Mu 2004 anatulutsa buku la Afrikan Alphabets, losonyeza kalembedwe kosiyanasiyana kamene anthu a mu Africa anadzipangira okha. Uthenga wake kwa ophunzira unali woti asamangokopera za ku Ulaya pamene pakhomo pali nkhokwe. Ndipo kuno ku Malawi, a Nolence Mwangwego anayamba mu 1979 kukonza zilembo zawozawo zolembera zilankhulo zathu, n'kuzionetsa poyera mu 1997. Kaya mumagwirizana nazo kaya ayi, kwa wophunzira dizaini zimenezo ndi mgodi. Onjezanipo zitenje za Mvano ndi za zipani, mikanda, malichero, zigoba za Gule Wamkulu, ndi amisiri olemba ndi bulashi pamakoma a magolosale ndi kumbuyo kwa malole. Amisiri amenewo amadziwa kutalikitsa zilembo kuposa ambiri a ife okhala ndi madigiri. Ukapeza mmodzi, mugulire Fanta, ukhale pansi uonerere dzanja lake.

(Kanyimbo kakafupi)

Pali chinthu chimodzi chimene sukulu imapereka chomwe YouTube singakupatseni. Tsiku lopereka ntchito, aliyense amakhoma yake pakhoma, kalasi yonse n'kuimirira kutsogolo kwake. Amati crit. Mphunzitsi amaloza n'kufunsa, "N'chifukwa chiyani apa waika chobiriwira?" Ukayankha kuti "chimandisangalatsa", wagwa. Anzako nawo amalasa, wina akuti diso lake likusochera, wina akuti akuona ngati chotsatsa mowa pamene iwe umati ndi cha mkaka wa ana. Ine tsiku langa loyamba ndinatuluka nditatupa mtima, nsima sinalowe. Patapita chaka ndinazindikira kuti wakutsina khutu ndi mnansi. Kasitomala sadzakufotokozera cholakwika mwaulemu chonchija, adzangoti "sizikundigwira mtima", basi, n'kupita kwa wina. Kukhoma ntchito pakhoma sabata ndi sabata kwa zaka zingapo kumakuphunzitsa kulekanitsa iwe ndi ntchito yako, kuti akanyoza posita usamve ngati anyoza amayi ako.

Zaka zapakati ndi zomaliza zimadzaza ndi zinthu zambiri, sindizitchula zonse: mbiri ya zaluso, kujambula ndi kamera, kukonza logo ndi maonekedwe a kampani, mapaketi a katundu, zithunzi zoyenda, komanso masiku ano maonekedwe a mawebusayiti ndi maapu a pafoni, kumene ambiri amagwiritsa ntchito Figma. Muzidzalembanso, musaganize kuti mwathawa maesee. Chaka chomaliza pamakhala kafukufuku ndi pulojekiti yaikulu yosankha wekha.

Koma phunziro la kupulinta musadzalijombe, ndikuuzeni chifukwa chake. Nditangoyamba ntchito, mpingo wina unandipatsa kuti ndikonze timapepala 500 toitanira anthu ku msonkhano. Pasikirini panga buluu wake anali wowala ngati nyanja ya ku Mangochi mwezi wa Okutobala. Nditakatenga kopulintitsa, buluu uja anali atasanduka wotuwira chakupepo, ndipo nambala ya foni imene ndinaika m'mphepete penipeni mpeni wodulira mapepala unaidya theka. Wopulinta sanalakwe, wolakwa ndinali ine. Sikirini imapanga mitundu ndi kuwala, kofiira, kobiriwira ndi kwabuluu, zimene amati RGB. Makina opulintira amasakaniza inki zinayi, zimene amati CMYK, ndipo inki siwala ngati nyale, mitundu ina yowala kwambiri siingatheke n'komwe papepala. Chithunzi chopita kopulinta chimafuna madontho 300 pa inchi, osati chimene wakopera pa WhatsApp. M'mphepete umasiya mamilimita atatu opitirira, oti mpeni udye, ndipo mawu ofunika umawalowetsa m'kati. Zonsezi anatiphunzitsa Lachisanu lina masana, ine ndili ku mpira. Ndinapulintitsanso ndi ndalama zanga za lendi.

(Kanyimbo kakafupi)

Nanga kukaphunzira kuti? Apa makolo tcherani khutu. Maphunziro amenewa savala dzina limodzi. Kwina amati Graphic Design, kwina Communication Design, kwina Visual Communication, kwina ali m'kati mwa digiri ya zaluso kapena ya zofalitsa nkhani. Ku University of Malawi ku Zomba kuli maphunziro a zojambula ndi zaluso kuyambira kale, ndipo makoleji ena aboma ndi omwe si aboma amaphunzitsa mbali zina za dizaini pamodzi ndi utolankhani kapena zamakompyuta. Musanalipire tambala iliyonse, fufuzani ku National Council for Higher Education ngati sukuluyo ndi pulogalamu yeniyeniyo zili zovomerezeka, chifukwa sukulu ikhoza kukhala yolembetsedwa koma kosi inayo ayi. Amene muli ndi abale ku South Africa, mayunivesite a Johannesburg, Pretoria ndi Stellenbosch onse ali ndi madigiri a dizaini, ndipo sangoyang'ana magiredi okha, amafuna kuona ntchito za manja a mwanayo asanamutenge. Ku England digiri yake imatenga zaka zitatu, ndipo ambiri amayamba ndi chaka chokonzekera.

Mukapita kukaona sukulu, musatengeke ndi geti. Pemphani kuona ntchito za ophunzira a chaka chomaliza. Funsani ngati aphunzitsi ake akugwirabe ntchito ya dizaini kapena anasiyira pa nthawi ya mafulopi disiki. Funsani kuti kompyuta imodzi amagawana anthu angati, ndiponso magetsi akazima kalasi imatani. Funsani ngati amatumiza ophunzira ku atachimenti, ndi kuti.

Za ndalama tisabisane, kupatula fizi pali laputopu yamphamvu ndithu, mapepala, kupulinta kosatha, ndi mabandulo. Mapulogalamu a Adobe masiku ano sagulidwa kamodzi, amalipiridwa mwezi ndi mwezi m'ndalama zakunja, ndiye mukudziwa mmene zimapwetekera kwacha ikagwa. Koma alipo aulere, GIMP wa zithunzi, Inkscape wa ma logo, Scribus wa mabuku. Wa Fomu 3 amene akundimvera akhoza kuyamba ndi amenewa lero. Ngakhale opanda kompyuta, gula kope lopanda mizere, uzijambula tsiku lililonse chimene chili patsogolo pako: ketulo, njinga ya kabaza, dzanja la agogo likusenda chinangwa. Uzilemba deti. Osakopera makatuni a pa TV, oyesa amafuna kuona ngati umatha kuyang'ana.

Kope limenelo ndiye chiyambi cha chimene amati portfolio, mtolo wa ntchito zako. Tsiku lofunsira ntchito, bwana wa situdiyo satifiketi amaiyang'ana kamodzi n'kuiika pambali, maso ake ali pa mtolowo. Ntchito khumi zabwino zimaposa makumi anayi zosakaniza, pakuti amakuyeza ndi yofooka kwambiri. Ndipo usangoonetsa chomaliza chonyezimira. Onetsa vuto limene unapatsidwa, zoyesa zimene unataya, ndi chifukwa chimene unazitayira. Makamaka tsopano pamene makompyuta a AI akutha kutulutsa chithunzi chokongola pa masekondi ochepa, chithunzi chokongola chatsika mtengo. Chimene makina aja sanachitepo ndi kukaima pamzere pachipatala cha kumudzi n'kuona kuti amayi akuwerenga katemera molakwika chifukwa tebulo la masiku linasokonekera.

Ntchito zake ziliko, ngakhale si zambiri zolembedwa pamwezi: makampani otsatsa malonda, nyumba zosindikiza mabuku ndi nyuzipepala, mabanki, makampani a mafoni, mawailesi a kanema, mabungwe a zaumoyo ndi zaulimi amene sasiya kutulutsa timabuku. Ambiri amathera podzilemba okha, ena akugwirira makasitomala akunja ali ku Area 25 kapena ku Chilomoni. Pamenepo ndiye pamafunika phunziro limene masukulu ambiri amalipatsa nthawi yochepa, la mtengo.

Mu 1971, wophunzira dizaini pa Portland State University ku America, Carolyn Davidson, anapemphedwa ndi Phil Knight, amene ankaphunzitsa akaunti pasukulupo, kuti ajambule chizindikiro cha nsapato zake. Anajambula kamzere kokhota kaja kamene lero kali pa nsapato za Nike mpaka pa kaunjika wa ku Limbe. Analipidwa madola 35. Nkhaniyi inatha bwino, chifukwa mu 1983 kampaniyo inamuthokoza ndi mphete yagolide ndi masheya. Koma iwe usadalire kuti kasitomala wako adzakukumbukira patapita zaka 12. Gwirizanani polemba, ngakhale pa WhatsApp pomwepo: ntchito ndi iti, mtengo ndi uti, kusintha ndi kangati. Ukapanda kutchula kangati, udzasintha logo ya saluni maulendo makumi awiri chifukwa mlamu wa mwini wake sakonda pinki. Tenga dipoziti usanayatse kompyuta. Dziwa kuti lamulo la kukopera la 2016 limateteza ntchito zaluso, ndipo a COSOMA alipo oti ukawafunse. Lamulo lomwelo likugwira iwenso ukatola chithunzi cha mwini pa intaneti n'kuchiika pa bilibodi. Ndipo akadzabwera achibale ndi mawu aja akuti "ungotipangira, tikutchukitsa", uwayankhe mwaulemu kuti kutchuka sakugulira ufa kuchigayo. Za maliro a pamudzi, zimenezo pangani ulere, ndi zathu tonse.

Bambo aja a kutchalitchi mwina akuti, zonsezi n'zamaluwa chabe. Kumbukirani 2010, boma litasintha mbendera, kuchotsa dzuwa lofiira lotuluka n'kuika dzuwa loyera lathunthu pakati, mizere n'kuisinthanitsa. Anthu anakangana m'mabasi, m'mabawo, m'maguwa, ndipo mu 2012 Nyumba ya Malamulo inabweza yakale ya 1964. Mitundu itatu ndi dzuwa limodzi, dziko lonse linatekeseka. Ameneyo ndiye katundu amene mwana wanu akufuna kusenza.

(Nyimbo iyambe chapansipansi)

Nthawi yatithera. Kwa iwe amene ukulingalira za digiri imeneyi, nayi homuweki ya sabata ino. Pita kuchipatala chapafupi, kapena kwa ogulitsa mbewu, ujambule ndi foni posita imodzi kapena malangizo a pabotolo la mankhwala a mbewu. Ukafika kunyumba uwapatse agogo kapena azakhali, uwapemphe akuuze kuti pepalalo likuwauza kuti achite chiyani. Iwe usawathandize, ungoyang'ana pamene diso lawo layambira, pamene chala chaima, pamene abweza pepala kutali ndi nkhope. Ulembe zonse. Kenako utenge pepala la A4 ndi pensulo, ulikonzenso, uwapatsenso. Akalephera kachiwiri, usawakalipire, tenga pepala lina.

Sabata yamawa nthawi ngati yomweyi tidzakamba za maphunziro a zoyeza malo. Tsalani bwino.

(Nyimbo yotsekera)